Veneer ndi thabwa lenileni kapena ayi? Ndithandizeni ndisanalipire dipoziti

MayiWaAwiri
Moni nonse pagulu pano. Tikukonza nyumba yathu ku Turffontein kuno ku Joni, ndipo tikufuna makabati a m'khitchini, wadiropu ya kuchipinda ndi khoma la kumbuyo kwa TV. Kalipentala amene tamupeza watipatsa njira zitatu: melamine, veneer ya kiaat, kapena thabwa lathunthu la kiaat. Lathunthulo ndalama zake sitingazikwanitse. Iye akutilimbikitsa veneer, akuti imaoneka chimodzimodzi komanso imapulumutsa mitengo. Koma bambo akunyumba akukanitsitsa, akuti limenelo ndi pepala chabe lomata pa utuchi, silichedwa kusendeka. Ine sampulo ndinaiona ndipo ndinaikonda. Inu odziwa za matabwa, zoona zake ndi ziti?

Aise_Berea
Mverani bambo akunyumba, mayi. Yanga inafufuma pansi pa sinki chaka chisanathe.

Chipalamatabwa
Aise, ndikukhulupirira kuti yanuyo inali melamine, ndipo chimene chinafufuma ndi chipboard yam'katiyo, bolodi ija ya tizidutswa ta mitengo tomata ndi guluu. Tisiyanitse kaye zinthuzi, poti ambiri amazisakaniza. Ine ndimagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku ku Wynberg.

Melamine ndi pepala lojambulidwa mizere ya thabwa, loviikidwa m'mankhwala olimbitsa. Mukayang'anitsitsa zitseko zingapo, mupeza mfundo yomweyomweyo ikubwerezedwa, chifukwa ndi chithunzi. Veneer ndi mtengo weniweni. Chipika amachinyika m'madzi otentha kapena pa nthunzi kuti chifewe, kenako mpeni wa makina umachidula masamba opyapyala, kawirikawiri 0.6 mm. Masambawo amawalumikiza n'kuwamata pa bolodi, nthawi zambiri MDF, ya ulusi wa mitengo wophatikiza ndi guluu, ija kuno timangoti Supawood. Mabolodi ake amabwera a 2750 ndi 1830 mm, ambiri ochindikala 16 mm. Ndiye chimene dzanja lanu likhudze ndi kiaat ndithu, mizere yake ndi fungo lake lomwe. M'katimo ndiye si kiaat. Pamenepo bambo akunyumba sakunama. Koma zoti imasendeka msanga, zimenezo zimatengera amene wamata, guluu wake ndi malo amene mwaiika.

MadalaWaMchesi
Ana inu, kiaat mukunenayu ndi mlombwa wathu womwe uja. Ine ntchito ndinaiphunzira ku Mchesi ku Lilongwe ndisanabwere ku Joni kuno, tinkapala mlombwa ndi pulena ya manja mpaka mkono kulema. Kabati imene ndinakhomera mayi anga ikadalipo kumudzi, adzukulu akusungiramo mbale. Ikakandika mumangopala, kupaka vanishi, yabwerera mwakale. Nanga 0.6 mm imeneyi mungaipale kangati? Katundu wa m'nyumba ndi chuma chosiyira ana. Mayi, sungani ndalama, mugule pang'onopang'ono koma chenicheni.

Nkhalango_Yathu
Madala, ulemu wanu, ndipo kabatiyo ndi umboni wa luso lanu. Koma ndifunse: mlombwa munkapala nthawi imeneyo ukadalipo m'tchire?

Ine ndinaphunzira za nkhalango ku Dedza. Mlombwa ndi mtengo wochedwa kwambiri. Kambewu kake kakamera, kamatha zaka zingapo kakuphukira m'dzinja n'kuuma kumtunda m'chilimwe, uku muzu wokha ukukula pansi. Kuti ufike poti n'kuchekapo matabwa otambalala, wodzalayo sadzauona, adzadula ndi adzukulu. N'chifukwa chake simuona minda ya mlombwa ngati mmene muonera minda ya paini ku Sabie. Pafupifupi wonse umene uli pa msika unachokera m'nkhalango zachilengedwe.

Tsono werengani nokha. Thabwa limodzi lochindikala 25 mm limapanga chitseko chimodzi. Thabwa lomwelo mukalidula masamba a 0.6 mm mupeza masamba pafupifupi 40, ndipo mpeni sutulutsa utuchi ngati macheka. Ngakhale tichotsepo zotayika m'mphepete, chipika chimodzi chimene chikanathera m'nyumba imodzi chikhoza kukongoletsa nyumba zambirimbiri.

Ndipo nkhaniyi si ya azungu okha ayi. Mu 2019 ndi dziko lathu la Malawi limene linapempha ku Geneva, ku msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha), kuti malonda a mukula, mtengo wa banja la mlombwa, ayambe kulamuliridwa, poona mmene zipika zinkatulukira m'chigawo chino, ndipo zinavomerezedwa. Mu 2022 ku Panama anawonjezera mitundu yonse ya mu Africa ya banja la mlombwa, pamodzi ndi mbawa. Zipika, matabwa ocheka, ngakhale masamba a veneer a mitengo imeneyi, akamadutsa malire pamafunika chilolezo. Kuno ku South Africa kiaat ali m'gulu la mitengo yotetezedwa pansi pa lamulo la nkhalango la 1998. Tikufuna tidikire zichitike ngati za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko, umene lero tikuchita kuudzala mbande chifukwa ikuluikulu inatha?

Mtchona_Diepsloot
Musamanamizire akalipentala. Chatha mitengo kwathu ndi makala. Pitani ku Dzalanyama mukaone njinga zikutsika m'mawa ndi matumba, mpaka boma linachita kutumizako asilikali.

NaPhiri_Cosmo
Ndiye anthu aphikire chiyani achimwene? Magetsi kuzimazima, gasi kudula. Mchemwali wanga ku Kawale thumba la makala limamutengera gawo lalikulu la malipiro ake, koma alibe kochitira.

Mtchona_Diepsloot
Sindikuwada owotchawo, nawonso ndi umphawi. Ndikungoti wadiropu imodzi ya ku Turffontein siingabweze nkhalango.

Nkhalango_Yathu
Zoona, makala ndi nkhuni ndiye zikumeta dziko, kuphatikizapo njerwa zowotcha, zija boma linaletsa mu 2018 pa zomangamanga zikuluzikulu. Koma kuwononga kwake n'kosiyana. Wowotcha makala amadula chilichonse. Wocheka matabwa amasankha mlombwa wowongoka, waukulu, womwe uja umabala mbewu zambiri. Nkhalango imaoneka ngati ilipo, koma mitengo ya mtengo wapatali mulibe. Mavuto onsewa ndi athu.

ZaMkatiMwaNyumba
Ndiloleni ndilowepo, chifukwa ndimagwira ntchito yokonza m'kati mwa maofesi ndi nyumba cha ku Kramerville ndi Sandton, ndipo sindigwirizana kwathunthu ndi mbali iliyonse.

Achimwene a Nkhalango, masamu anu ndi oona, koma akungowerenga khungu lakunja. Pa chitseko cha 16 mm, veneer ndi kagawo kochepa zedi. Chotsala chonse ndi bolodi ya ulusi wa paini kapena bulugamu wophatikiza ndi guluu. Ubwino wake ndi woti mitengo imeneyo ndi yodzala, ya m'minda ya ku Mpumalanga, KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape, ndipo minda yambiri ya kuno ili ndi chiphaso cha FSC, chotsimikizira kuti nkhalango ikusamalidwa bwino. Kuipa kwake ndi guluuyo. Wambiri amakhala ndi formaldehyde, mankhwala amene amatuluka pang'onopang'ono n'kumayabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo akatswiri a bungwe la WHO anawaika m'gulu la zoyambitsa khansa. Mayi, funsani ngati bolodiyo ili ya muyezo wa E1, umene umatulutsa wochepa. Pa nyumba zimene zikufuna nyenyezi za Green Star, zosonyeza kuti nyumba ndi yosamala chilengedwe, kuchokera ku Green Building Council South Africa, mafunso awiri amenewa, a FSC ndi a formaldehyde, timafunsidwa nthawi zonse.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Kampani ikasamuka mu ofesi, yolowa kumene imafuna maonekedwe ake. Ndaonapo ndi maso anga makoma a walnut, mtengo wochita kuwoloka nyanja kuchokera ku America, akuzulidwa ndi chitsulo n'kuponyedwa mu skip, chibini chachikulu cha zinyalala, asanathe ndi zaka zochepa zomwe, ali bwinobwino opanda chilema. MDF yomata guluu siibwezeredwa ku fakitale mosavuta, imakathera kudzala. Pamenepo tapulumutsa chiyani? Madala ali ndi mfundo. Kabati ya mlombwa imene yadutsa mibadwo itatu yawononga zochepa kuposa veneer yotayidwa msanga. Veneer imathandiza chilengedwe pokhapokha ikapangidwa kuti ikhalitse.

MadalaWaMchesi
Mwana wanga, walankhula bwino. Ndi zomwe ndikunena ine.

Chipalamatabwa
Madala, komabe pali chimodzi chimene Joni anandiphunzitsa. Mzinda uno uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, ndipo June ndi July mpweya umauma kwambiri, milomo mpaka kung'ambika. Thabwa limapuma, limamwa chinyezi m'dzinja n'kuchitulutsa nthawi yozizira. Tebulo lathunthu lopangidwa ku Durban kapena ku Beira likafika kuno, nyengo yozizira yoyamba mumamva usiku likuti thwa, m'mawa mng'alu. Zitseko zazitali za wadiropu, za mamita awiri ndi kupitirira, zikakhala za thabwa lathunthu zimapindika, sizitsekeka bwino. MDF siyenda choncho. Pa malo aakulu osalala, veneer imaposa thabwa lathunthu, osati chifukwa chotchipa chabe.

MadalaWaMchesi
Limang'ambika chifukwa anyamata a masiku ano amakhoma thabwa laliwisi. Ife tinkalisanja pamthunzi, timitengo pakati, miyezi ndithu. Ndipo chitseko sitinkapanga chathabwa limodzi. Tinkapanga felemu, pakati n'kulowetsa panelo mu mpata wake popanda guluu, kuti izitha kufufuma ndi kubwerera. Komanso mlombwa ukauma bwino suvuta ngati mitengo ina, umakhala phee.

Chipalamatabwa
Pa mlombwa ndikuvomera, ndi wodekha kuposa yambiri. Ndipo felemu yanuyo ife timaigwiritsabe ntchito. Zabwino kwambiri zimene ndapangapo ndi zophatikiza: felemu, miyendo ndi m'mphepete thabwa lenileni, pakati veneer.

WaMaTrip_ParkStation
Ine ndinene za msewu, poti ambiri a inu mumagula kuno n'kutumiza kumudzi. Kuchoka pano, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, katundu amagwedezeka osati masewera. Makabati a chipboard omanga kale amafika masikuluwu atazuka, mabowo atakula, osamangikanso. Ngati mukufuna kutumiza, tumizani zophwasula, zokulunga m'mabulangete ndi pulasitiki, akamange komweko. Ndipo nyengo ya mvula musayerekeze kuika pamwamba pa trailer popanda tenti yabwino.

NaPhiri_Cosmo
Achimwene, firiji yaing'ono mpaka ku Zomba mumatenga zingati masiku ano?

WaMaTrip_ParkStation
Ndilembereni kumbali mayi, tisasokoneze nkhani ya eni ake.

WakuMzimba
Bwanji kutumiza kumudzi pamene kwathu zilipo? Anthu akulankhula ngati veneer ndi chinthu chachilendo, chonsecho plywood ndi blockboard za ku Raiply ku Chikangawa ndi masamba a mtengo omata. Kusiyana kwake, a plywood amasenda chipika chikuzungulira, tsamba limatuluka lalitali losaduka, n'kusanja mopingasa. Zitseko zosalala zija za m'nyumba zambiri ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kunja kwake ndi zomwezi. Ndinakulira pafupi ndi nkhalango imeneyo, mahekitala pafupifupi 53,000 a paini. Tili ana ukadutsa pa M1 kunkachita mdima masana. Pano mapiri ambiri ndi zitsa ndi udzu, moto chaka ndi chaka. Ngakhale mitengo yodzala imatha ngati odula achuluka kuposa odzala.

Aise_Berea
Ndiye chiswe kumudzi sichidya zimenezi?

Chipalamatabwa
Chimadya, makamaka paini ndi bolodi zogunda pansi ponyowa. Mtima wa mlombwa ndiye chimauopa. Kabati iliyonse ya bolodi ikhale pa miyendo kapena pa simenti yokwera, isagunde dothi kapena khoma lachinyezi.

AnaChisale_Bryanston
Ine sindine kalipentala, ndimagwira ntchito m'nyumba, koma zinthu zimenezi ndimazipukuta tsiku lililonse. Kumene ndimagwirako kuli tebulo lalikulu la veneer, lakale kuposa ana awo amene pano ali ku yunivesite, ndipo likadali lokongola. Chinsinsi chake ndi kasamalidwe. Nsalu yofinya bwino, kenako youma, kutsata mizere ya thabwa. Madzi akatayikira, pukutani nthawi yomweyo, makamaka m'mphepete ndi molumikizira. Kapu ya tiyi wotentha kapena poto osaika popanda kathabwa pansi, pamatsala chizungulire choyera.

Tsiku lina mlendo anasiya vazi ikudontha usiku wonse, pamalopo panatukuka kachithuza ngati ka ndalama ya R5. Anabwera bambo wina wokonza. Ndinaima pambali kuonerera. Anang'amba kachithuzako ndi lezala motsata mizere, analowetsa guluu ndi kansonga ka pepala lolimba, anaika pepala la bulauni pamwamba n'kusita ndi ayironi yofunda pang'ono, kenako anatsindika ndi mabuku olemera mpaka m'mawa. Lero ngakhale ine amene ndikudziwa malowo ndimachita kufufuza. Ndiye zoti siikonzeka si zoona.

MayiWaAwiri
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga zonse ndipo bambo akunyumba ndawawerengera. Achemwali a ZaMkati, mukanakhala inu mukanatani? Tili ndi ana awiri aang'ono, ndipo khitchini yathu ndi yophikira zenizeni, nsima kawiri pa tsiku, nthunzi, mafuta.

ZaMkatiMwaNyumba
Ndikanagawa, mayi. Makabati apansi, makamaka ozungulira sinki ndi chitofu, ikani melamine pa bolodi yosamva chinyezi msanga, ija imakhala yobiriwira m'kati. Musachite nayo manyazi, pamalo pamenepo ndiye pake. Pamwamba pa ketulo musaikepo veneer, nthunzi ya tsiku ndi tsiku imafewetsa guluu m'mphepete. Ndalama za veneer zipite pa wadiropu ndi khoma la TV, pamene maso amafikira koma madzi safika.

Pa khomalo, pemphani kuti masamba onse achokere pa chipika chimodzi ndipo atsatane mmene anadulidwira. Ogulitsa amawasunga m'mitolo yokhala ndi manambala. Akatenga awiri otsatana n'kutembenuza limodzi, mizere imakumana pakati ngati mapiko a gulugufe. Kiaat ali ndi mtima wofiirira ndi m'mbali moyera, ndiye muuzeni kalipentala ngati mukufuna zoyerazo zioneke kapena azidule. Ena amazikonda, ena ayi, koma musadzazione koyamba atakhoma kale. Kumbukiraninso dzuwa la kuno. Mtengo uliwonse umasintha mtundu ukamawombedwa ndi dzuwa, ndiye miyezi yoyambirira musasiye chithunzi kapena wotchi malo amodzi, pamatsala chizindikiro.

Ngati wogulitsa sakutha kunena kumene kiaat wakeyo wachokera, pali saligna, amene ndi bulugamu wodzala konkuno, ndipo akapakidwa bwino amakongola. Palinso veneer yopangidwanso kuchokera ku mitengo yokula msanga ngati poplar, yonyikidwa mu utoto n'kudulidwanso kuti ifanane ndi mitengo yosowa. Ine ndimakonda yachilengedwe, koma inayo ndi yabwino ngati mukufuna zitseko zonse zifanane.

Chipalamatabwa
Ndiwonjezere mafunso atatu oti mumufunse kalipentala wanu, mayankho ake akuuzani ngati akuidziwa ntchito. Loyamba, kodi kuseri kwa chitseko amatako chiyani? Bolodi yomata mbali imodzi yokha imapindika, kumbuyo kumafunika tsamba lina lolinganiza, ngakhale la mtengo wotchipa. Lachiwiri, m'mphepete aikamo chiyani? Kansalu kopyapyala komata ndi ayironi ndi kamene ana amayamba kusenda ndi zikhadabo. Pemphani kathabwa kenikeni ka kiaat, ka 5 kapena 10 mm, kuzungulira chitseko. Lachitatu, akugula bolodi yomatidwa kale ku fakitale ndi makina otsindika, kapena amata yekha ndi contact glue? Ya contact ija imafewa pa kutentha, pa malo aakulu imadzatukuka. Ndipo mukamuona wanyamula belt sander, makina opalira a lamba wa sandipepa, pa veneer, muimitseni. Imafuna sandipepa wosalala, 180 kapena 220, ndi dzanja lopepuka. Mukapyoza, bolodi yaonekera, palibenso kubweza.

Mtchona_Diepsloot
Mwatchula za guluu, ndikumbutseko abale athu ogwira m'ma workshop. Ambiri akudula MDF tsiku lonse opanda chotseka kumphuno, akamaweruka tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Ine ndinagwirako malo ena otero, chifuwa sichinkatha. Ukapempha mask amakuyang'ana ngati wapempha galimoto, poti akudziwa kuti ena mapepala awo sali bwino ndipo sangadandaule. Tikamakamba zosamala chilengedwe tiziwerengeranso mapapo a odulawo.

Chipalamatabwa
Apo mwalasa achimwene. Fumbi la MDF ndi losalala kwambiri, limalowa mpaka m'kati, ndipo la kiaat lomwe ena limawayabwa khungu ndi kuwatsekera chifuwa. Kansalu komanga kumphuno sikathandiza. Pamafunika mask ya FFP2 ndi makina okoka fumbi. Ngati bwana sakugula, dzigulireni, ili m'mahardware onse.

MayiWaAwiri
Ndabwera ndi mayankho. Kalipentala akuti bolodi amagula yomatidwa kale mbali zonse ziwiri, ndi E1, ndipo m'mphepete avomera kuika thabwa lenileni koma ndalama zikwera pang'ono. Za kumene kiaat wachokera akuti afunsa kwa ogulitsa, akapanda kupeza yankho titenga saligna. Bambo akunyumba afewa atamva za m'mphepetemo, koma aika lamulo lawo: tebulo lodyera likhale la thabwa lathunthu, ngakhale tidikire chaka chamawa. Madala, kodi mukadakhomabe?

MadalaWaMchesi
Ndikadakhoma mwana wanga, maso okha ndiye afooka. Koma musagule mlombwa watsopano. Yendani m'masitolo a katundu wakale ndi m'malo ogulitsa zogumula m'nyumba, mupeza zitseko ndi matebulo a kiaat a makedzana, ouma bwino, ena ongothyoka mwendo. Mundipezere ameneyo, ine ndidzamupala.

MayiWaAwiri
Tiyamba kufufuza Loweruka. Funso lomaliza: pa wadiropu apake mafuta kapena lacquer, ija yokhala ngati vanishi?

Chipalamatabwa
Pa wadiropu ndi ana aang'ono, lacquer yosawala kwambiri, ya madzi ngati ilipo, poti fungo lake ndi lochepa. Apake mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe, ngakhale pansi pa chitseko posaoneka. Khoma la TV mukhoza kupaka mafuta, amatulutsa mtundu wa kiaat bwino ndipo pakakandika mumangopakanso pamalopo, koma muzibwereza pakapita nthawi. Akamaliza, tsegulani mawindo masiku angapo ana asanayambe kugonamo. Ndipo mumuuze akusiyireni zidutswa za veneer zotsala za mtolo womwewo, muzisunge pouma, zogoneka pakati pa makatoni, kuti pakadzafunika chigamba mtundu udzafanane.